Dorika Wothamanga ndi Munda wa Amayi Ake

Dorika Nkhoma ndi msuweni wanga. Bambo ake, malemu a Zakeyo, anali mlongo wawo wa amayi anga. Iye ndi wamkulu kwa ine ndi zaka khumi, koma pachisuweni sitilemekezana kwambiri: ine ndimamuti iwe, iye dzina langa la Chikhumbo salitchula, amanditcha kavenda, poti ndimagula soya ndi mtedza m'midzi n'kumakagulitsa pa Mtunthama. Lero Dorika ndi loya, ali ndi kaofesi ka chipinda chimodzi ku Kasungu pa boma. Koma mukafunsa za iye kwathu ku Njombwa, anthu sayamba ndi za uloya. Amayamba ndi miyendo yake.

Kuthamanga sanakuphunzire pa bwalo. Sukulu ya pulayimale inali makilomita asanu ndi awiri kuchokera kumudzi, ndipo nyengo ya nazale mwana wa mlimi wa fodya sanyamuka asanathirire mbande. Dorika ankatunga makeni makumi atatu kudambo, n'kutsuka m'miyendo, n'kuliyatsa liwiro mabuku ali m'jumbo kukhwapa. Amati ankafika pa mphindi 35 zokha. Mphunzitsi wina atamuona akudutsa anyamata a Sitandade 8 ngati aima, anamulemba dzina pa mpikisano wa sukulu za m'boma lonse.

Wopita naye anasowa, poti a Zakeyo anali pakati pothyola fodya. Mng'ono wawo, a Tobias, ndiwo anapopa njinga n'kumukweza pa kaliyala, makilomita oposa makumi atatu. Amayi ake a Dorika, a Ezelina, anamumangira mbatata zitatu zophika m'kansalu. Mwanayo anathamanga wopanda nsapato n'kupambana pa mamita 1,500, wachiwiri akadali pokhota. A Tobias anabwerako mawu atasasa ndi kukuwa, ndipo kwa mwezi wathunthu aliyense wodutsa pa chigafa chawo ankamva za “mwana wathu uja”.

Kathamangidwe kake kanali kamodzi basi. Wezulo ikangolira, iye ankatulukira kutsogolo osacheuka. Aphunzitsi a masewera ku sekondale anayesetsa kumuuza kuti azibisala kaye kumbuyo kwa anzake, aziphulika kumapeto. Iye ankayankha kuti, “Ndikadikira anditsekera njira.” Ndipo ankapambanadi, ndiye akanamutsutsa ndani? Ali Fomu 4 anamaliza mamita 1,500 pa mphindi 4 ndi masekondi 41. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, koma manambala amenewo ndinawaloweza ndisanaloweze Pemphero la Ambuye. Ku yunivesite ku Zomba, kumene ankaphunzira zamalamulo, anasamukira ku mamita 5,000, ndipo kwa zaka zitatu palibe mtsikana anamugwira. Chaka chomaliza bondo lakumanja linakana. Mamendulo ake 23 anakawapachika kwa amayi ake pabalaza, pa misomali iwiri, pambali pa kalendala ya tchalitchi.

Atamaliza anagwira ntchito ku Lilongwe, kubungwe lothandiza amayi amasiye olandidwa katundu. Zimene anaona kumeneko sizinamuchoke m'mutu. Akabwera pa Khirisimasi ankatisimbira za mayi amene achibale a mwamuna anamusiyira poto mmodzi, za wina amene anamuzulira malata maliro asanatuluke m'nyumba. “Ukaona achibale ayamba kuyeza,” ankatero, “dziwa kuti wachedwa kale.”

A Zakeyo anamwalira mu Julayi 2022. A Ezelina kwawo ndi ku Kaomba. Anabwera ku Njombwa mwa chitengwa, kutanthauza kuti mwamuna ndiye anawatenga kukakhala nawo kumudzi kwake. Anakhala zaka 35. Munda umene ankalima ndi wa mbumba yathu, wa amayi anga ndi abale awo. Kwathu mwamuna akamwalira, patapita miyezi achibale ake amaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri n'kumusudzula wamasiyeyo, kumumasula. Pa tsikulo ndi pamene amamva ngati abwerere kwawo kapena akhale. Nkhani yonse inali imeneyo: kodi a Ezelina akhalabe m'nyumba ndi m'munda wawo, kapena apite?

Mu Seputembala a Tobias, amene tsopano anali mwini mbumba, anatisonkhanitsa masana pansi pa chigafa. Ine ndinalipo. Amayi anga, a Feggie, ndiwo anayamba.

“Zaka zonsezi atiphikira pa maliro ndi pa maukwati. Ineyo pobereka Chikhumbo uyu anandigwira msana ndi iwowo. Apite kuti?”

“Palibe kopita,” anatero a Tobias. “Alamu akhale. Munda alime mpaka tsiku lawo. Chaka chino tiwawokerera ife fodya, alibe mphamvu. Koma mawu amenewa akatuluke pa tsiku losudzula, ankhoswe ali pomwepo. Mawu a panjira mawa munthu amawakana.” Kenaka anandiloza. “Iwe ndi kafoni kakoko, wamva?”

Ndinati ndamva. Tsiku linaikidwa: Loweruka pa 15 Okutobala.

Mawa lake a Tobias anandipempha kuti ndikawayezere mundawo, adziwe mbande ndi feteleza wofunika, poti manambala ndimawatha. Ndinayenda m'malire, iwo akutsatira ndi kamtengo: masitepe 190 m'litali, 130 m'lifupi, maekala anayi osakwana pang'ono. Theka la mundawo, lolimamo fodya, linkafuna mabedi atatu a nazale. Munda wa a Tobias umafunanso atatu, choncho anafesa asanu ndi limodzi. Wina anationa tikuyeza. Patapita milungu iwiri nkhani inafika ku Lilongwe, ndipo foni yanga inalira ndili pa sikelo.

“Kavenda, ndamva mwayamba kuyeza munda wa bambo anga.”

“Nanga moni wathawira kuti, a loya?”

“Usandiseke. Mwayeza kapena simunayeze?”

“Tayeza. Koma si zimene ukuganizazo. Dikira pa 15, ukamva wekha.”

“Ndiuze panopa.”

“Sindingathe, andiletsa. Masiku khumi ndi awiri okha, Dorika. Dikira.”

“Onse amatero,” anatero, n'kudula.

Ndakhala ndikuibwereza foni imeneyo m'mutu kambirimbiri. Inatenga mphindi imodzi ndi masekondi khumi. Ndikanawonjezera masekondi asanu okha, n'kunena kuti amayi ako sachoka, bwenzi ndisakulemba zimenezi.

Kalata inafika Lachinayi pa 6 Okutobala, ndi munthu wa njinga yamoto amene anaumirira kuti a Tobias asayine kuti alandira. Inali ya m'Chingelezi, ya chidindo chofiira. Anandiitana kuti ndiwerenge n'kumasulira, anthu atakhala pakhonde. Inatchula mayina awiri, Tobias Nkhoma ndi Feggie Nkhoma, opanda ngakhale “a” kutsogolo. Inati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi mlandu, ndipo aliyense woponda m'munda wa Ezelina adzayankha kukhoti. Ndinayesa kufewetsa mawu ena. A Tobias anandidula.

“Werenga mmene alembera. Usathiremo shuga.”

Nditamaliza, amayi anga anafunditsa nkhope ndi chitenje. A Tobias anaitenga kalatayo, n'kuitembenuza, ngati kuseri kwake kuli mawu ena.

“Dorika walemba izi? Yemwe uja wa pa kaliyala?” Anaipinda kanayi. “Amalume ake ku Kaomba alipo, ndiwo nkhoswe. Ife tilipo. Msewu wa kuno akuudziwa. Watitcha mbava, papepala, kudzera mwa munthu wa kabaza. Chabwino. Wasankha khoti, tikaonana kukhoti. Zosudzula palibe.”

Madzulo omwewo ndinamuimbira Dorika n'kumuuza zonse za pansi pa chigafa, poti chobisa panalibenso. Anaseka pang'ono. “Akutero chifukwa aona chidindo. Ukanakhala ndi zaka zanga pa ntchitoyi ukanadziwa.” A Ezelina nawo anamuimbira akulira. “Anakutuma ndani, mwana iwe? Bwera udzagwade kwa bambo ako aang'ono zisanafike patali.” Dorika anati amayi ake akuchita mantha monga amachitira amasiye onse, ndipo iye sangapepese kwa anthu ofuna kuwalanda.

Mvula itagwa mu Disembala, a Tobias, ndi mkwiyo, anatenga mbande za mabedi atatu aja n'kuziwokera kumtunda kwa munda wa a Ezelina, n'kunena kuti fodyayo ndi wawo. Kwa Dorika umenewo unali umboni wokwanira. Anabwera ndi mapepala, amayi ake anadinda chala, mlandu unalowa.

Ndinapita kukamvera. Dorika anaima atavala zakuda, kubondo atamanga bandeji mkati mwa sokosi, ndipo ndinamuona monga ankakhalira pa mzere woyambira. A Tobias anaima m'kabokosi, jekete ya kutchalitchi itawakulira.

“Bambo Tobias Nkhoma, munda wanu umafuna mabedi angati a nazale?”

“Atatu.”

“Mu Seputembala munafesa angati?”

“Asanu ndi limodzi.”

“Atatu enawo anali a munda uti?”

“Wa alamu anga. Timafuna tiwa...”

“Zikomo. Khoti lamva.”

A Tobias anatuluka m'kabokosi muja. Mu Juni 2023 chigamulo chinatuluka: a Ezelina akhale pa nyumba ndi munda, wina aliyense asawasokoneze. Dorika anapambana ngati kale, wachiwiri akadali pokhota.

Ndipo palibedi anawasokoneza. Palibe anawatukwana, palibe anaponda m'munda mwawo, ngakhale mbuzi ankazimangira kutali. Akafika pa mjigo, amayi ankawasiyira malo n'kukhala chete mpaka atasenza ndowa. Pa maliro a m'mudzi ankawayalira mphasa ngati mlendo, osawapatsa mphika woti aphike. Ana analetsedwa kusewera pabwalo pawo kuopa kuti angaswe kanthu n'kulandira kalata. Amayi anga, amene kale ankasenda nawo mtedza tsiku lililonse, ankazungulira kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinkapitako ndikabwera kuchokera ku Mtunthama, koma ndi kangati pa mwezi? Komanso sanasudzulidwe, ndiye anakhalabe ndi mpango wakuda kumutu, womangika kwa mwamuna amene ali kumanda.

Fodya salimidwa ndi munthu mmodzi. Pamafunika manja othyola, osoka, opachika pa mikangala, osankha masamba, ndiponso jeke yodindira mabelo, imene m'mudzi mwathu ili kwa a Tobias okha. Dorika anatumiza aganyu a kutali, anagwira milungu iwiri n'kuthawa, akuti pamudzipo sipakumveka bwino. Mu Febuluwale 2024 mvula ya mphepo inagwetsa chigafa cha a Ezelina fodya ali momwemo. Kwathu chigafa chikagwa amuna amathamangirako osaitanidwa. Tsiku limenelo anaima m'makonde mwawo n'kumaonerera. Wina anati, “Tikagwira mtengo wa pamenepo atimanga.” A Ezelina anayesa kukoka mikangala okha mpaka manja anachita matuza. Fodya yense anaola.

Mu Ogasiti anatumiza mawu kwa mlongo wawo, a Lucious, amene ndi nkhoswe yawo, kuti adzawatenge. Dorika atamva anafika ndi galimoto yake m'mawa, n'kupeza kalole kataima pabwalo, akukweza matiresi.

“Amayi, mukuchita chiyani? Nyumbayi ndi yanu. Khoti linagamula!”

A Ezelina analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chigamulo chija chili m'pulasitiki, n'kumupatsa m'manja. “Tenga pepala lako. Chaka chathunthu ndakhala nalo, silinandipatsepo moni.”

“Ndiye tiyeni ku Lilongwe.”

“Ndikatani? Ndizikaonera mpanda?”

A Lucious ankamanga chingwe. Atamaliza mfundo anatembenuka. “Iwe Dorika, mu Seputembala muja a Tobias ananditumizira mawu. Anati pa 15 mubwere, koma musavutike kufuna galimoto, palibe katundu wonyamula. Ukudziwa tanthauzo lake. Ndinakuimbira kawiri, unati uli kukhoti, uimbanso. Lero ndi limeneli. Galimoto ndabwera nayo chifukwa cha iwe.”

Zimene ine ndi amayi ake tinamuuza osamva, anazimva tsiku limenelo. Anakhala pansi pa khonde, suti yake ili m'fumbi. Kalole kananyamuka. Mamendulo anatsala pa misomali, poti a Ezelina anati ku Kaomba akukakhala m'kanyumba ka mdzukulu wawo, khoma lake si lawo.

Kumapeto kwa chakacho Dorika anasiya ntchito ku Lilongwe n'kutsegula kaofesi kaja pa boma. Anayamba kupita ku Njombwa Loweruka lililonse. A Tobias ankamutulutsira mpando, iwo n'kukhala pansi, chipewa m'manja.

“Mwatiyendera, a loya? Talakwanso chiyani?”

“Bambo, ndine Dorika.”

“Tikukudziwani. Tinaonana kukhoti.”

Ine sindikhulupirira kuti pali chinthu chosakonzeka. Malonda akakana msika uno, ndimayesa wina. Ndinamuuza kuti, “Ukulakwitsanso chimodzimodzi. Ukupita wekha, kutsogolo. Pita kwa amalume ako, ayende ndiwo, iwe ukhale kumbuyo.” Anandiyang'ana n'kuti, “Kavenda wayamba kuphunzitsa loya.” Koma anapita. Ine ndinagwira amayi anga, tsiku ndi tsiku, mpaka anavomera kulankhula ndi mchimwene wawo. Zinatenga maulendo asanu a a Lucious ndi miyezi isanu.

Mu Meyi 2025 tinakhala pansi pa chigafa chomwe chija. Dorika anabwera atavala chitenje, tambala ali m'manja. Kugwada kunamuvuta chifukwa cha bondo, koma anagwada, ndipo a Lucious ndiwo anamulankhulira. A Tobias anamusiya ali chogwada kwa kanthawi, kenaka analandira tambalayo n'kupatsa amayi anga.

“Dzuka, Dorika. Bondo limenelo ndinalinyamula ine.”

Atatero anatembenukira kwa a Ezelina, amene anabwera ndi mlongo wawo, n'kunena mawu amene anayenera kunenedwa pa 15 Okutobala 2022. “Alamu, takumasulani. Koma kwanu ndi kuno. Nyumba ndi iyo, munda ndi uwo. Bwererani mudzalime.” Amayi anga anawavula mpango wakuda uja. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kuwerenga mitengo ya chigafa chatsopano.

A Ezelina anaomba m'manja mwaulemu. “Zikomo, alamu. Mawu amenewa ndinawadikira. Koma ine ndikamayenda pano ndimaona anthu ataima m'makonde, fodya wanga akuola. Sindikukwiya ndi munthu. Mwanayu ankafuna kunditeteza, inu munapwetekedwa, ndikudziwa. Koma kugona pano sindingathenso.”

A Tobias anapempha kawiri. Amayi anga analira. A Ezelina anapita kumanda kukaona pamene pagona amuna awo, n'kukwera njinga yamoto ndi mlongo wawo dzuwa lisanapendeke.

Mundawo sunalimidwe mpaka lero. A Tobias akuti saupondanso, poti pepala la khoti likadalipo. Dorika akuti si wake. Maekala anayi osakwana pang'ono, dothi labwino, ladzaza tsekera wofika m'khosi. Nyumba denga layamba kudontha. A Ezelina ali ku Kaomba, amalima kadimba ka mizere khumi kuseri kwa bafa ya eni ake. Dorika amawayendera, amalankhulana bwinobwino, za tchalitchi, za mvula. Za Njombwa satchula.

Ku ofesi kwake kumabwerabe amayi amasiye, ndipo ambiri olandidwadi. Amawathandiza, amapambana. Koma asanalembe kalata amafunsa kaye kuti, “Ankhoswe anena chiyani?” Ena amaona ngati ndi loya waulesi, n'kupita kwina.

Tsiku losudzula lija la mu Meyi, anthu atabalalika, Dorika anandipempha kuti ndimuperekeze. Galimoto anaisiya pa sukulu ya pulayimale chifukwa msewu wa kumudzi unakumbika. Tinadutsa pa nyumba ija, iye analowa n'kutuluka ndi mamendulo m'jumbo, ena atachita dzimbiri. Tinayenda njira yake yakale, makilomita asanu ndi awiri aja. Bondo linali litatupa ndi kugwada, ndiye ankaima pafupipafupi. Ndinamuseka kuti lero kavenda akumudutsa. Titafika pa galimoto ndinayang'ana pa foni. Tinayenda maola awiri ndi mphindi khumi.